Magalasi a Ovidio Cerdas

Ovidio Cerdas anayamba kuyendetsa galimoto ndevu zisanamere, ndipo ku Tierra Blanca kunalibe mlimi amene anyezi wake sanakwerepo kalole kake popita kumsika wa ku Cartago. Msewuwo ndi wotsetsereka komanso wokhotakhota, koma iye ankauyenda ndi dzanja limodzi, linalo likupereka moni kwa anthu. Ankakonda kunena kuti akalawa guaro, mowa wa nzimbe uja, m'pamene maso ake amatseguka bwino.

Lamulungu lina masana, akuchokera ku ubatizo wa mwana wa mlongo wake, maso otsegukawo sanaone kashedi kodikiriramo basi, ndipo anakagumula ndi kalole kake. Mwamwayi munalibe munthu. Woweruza anamulanda laisensi, n'kumuuza kuti nthawi ya chilango ikatha akaphunzire za kuipa kwa mowa, akayezetse m'thupi, kenako akayesedwenso ngati wongoyamba kumene.

Anyezi sadikira munthu. Mkazi wake Yamileth, amene Ovidio ankati sangawongolere ngakhale wilibala, anakaphunzira n'kutenga laisensi yakeyake. Ovidio ankakhala pambali, chipewa pamaondo, n'kumalangiza.

"Sinthani giya, mayi, mundiphera injini."

"Koma woweruza uja ntchito sanaimalize," anatero Yamileth maso ali pamsewu. "Akanakulandaninso pakamwapo."

Kukalasi ya za mowa ija Ovidio anakhala pakati pa anyamata a njinga zamoto. Masiku oyamba ankangosinza, akumati palibe chimene mphunzitsi angamuuze. Tsiku lina anawaonetsa chithunzi cha shedi ina yogumuka ngati yake ija, pambali pake pali nsapato yasukulu. Ovidio anatuluka osatsanzika munthu, ndipo kuchokera pomwepo guaro sanamuyandikirenso. Anzake omwa nawo mowa anayamba kumutcha abusa.

Kenako panafika poyezetsa maso. Dokotala anamukhazika pampando n'kuloza zilembo pakhoma.

"Werengani mzere wapansiwo."

"Mzere uti, adokotala?"

"Nanga wapamwambawo?"

"Umenewo ndikuuona. Si chithunzi cha mpanda?"

Dokotala anavula magalasi ake n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo Cerdas, zaka zonsezi mumayendetsa bwanji?"

"Msewu ndimaudziwa pamtima."

Anamulembera magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Mayeso oyamba oyendetsa galimoto analephera chifukwa dzanja linangotuluka lokha pazenera kupereka moni. Yamileth anamutengera kubwalo la mpira Loweruka lililonse, kumuphunzitsa kugwira chiwongolero ndi manja awiri, mpaka ulendo wachiwiri anakhoza. Laisensi itatuluka anazungulira nayo msika wonse, kuonetsa ngakhale amene sanafunse.

M'mawa wotsatira anapakira anyezi, navala magalasi, nauyamba ulendo, mkazi wake ali pambali. Atafika pokhota poyamba anaponda buleki mwamphamvu mpaka matumba anasunthira kutsogolo. Anasuzumira kunja, nkhope ili thukuta.

"Mayi, chiphompho ichi achikumba liti?"

"Chinalipo musanabadwe."

"Ndiye ine ndimadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku?"

"Mukuimba nyimbo."

Tsiku limenelo anafika kumsika ogula atabalalika. Kuyambira pamenepo Ovidio amayenda ngati woperekeza maliro, mabasi ali mdipiti kumbuyo kwake, mahutala ali pii pii. Alimi a zinthu zofulumira kufota amapempha kuti awatengere Yamileth. Ovidio anangotsala ndi mbatata.

Mwezi wathawu wapolisi wina anamuimitsa kunsi kwa mtunda dzuwa lili paliwombo.

"Bambo, mayendedwe amenewa si a munthu wabwinobwino. Mwamwa chiyani?"

"Khofi wamkaka, bwana."

Wapolisiyo anamupumitsa m'kachipangizo koyezera mowa. Atapeza kuti mulibe kanthu, anakagwedeza n'kumupumitsanso. Pomaliza anamubwezera laisensi yake monyinyirika, namupempha mwaulemu kuti aziyendako mofulumira pang'ono. Ovidio anathokoza, napukuta magalasi ake ndi malaya, n'kudikira kaye thirakitala imudutse.