Manja a Bambo Pansi pa Mchombo

Ndikukumbukira tsiku lomwe ndinang'amba mlomo wa Yusufu, mnzanga wa ku madarasa ku Chiringa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mtima wapachalawu ndinali nawo kale.

Bambo anga poswali ankapinda manja pansi pa mchombo, monga anaphunzirira kwa Mmwenye amene ankamugwirira ntchito ku Limbe. Mzikiti wonse unkapinda cha pachifuwa. Ndiye Yusufu anati, "Bambo ako amangotaya nthawi, swala yawo siilandiridwa. Amaima ngati akumva m'mimba." Ndinamukhoma ndi thabwa lomwe tinkalembapo. Mwalimu anandithamangitsa, amvekere ndidzabwere ndikapepesa.

Kupepesa sinali nkhani. Chinkandiwawa n'chakuti mwina Yusufu ankanena zoona, kuti bambo, amene ankadzuka kusanache n'kusamba madzi ozizira a mu Juni, ankangozizidwa pachabe. Ndinalumbira kuti sindipepesa ndisanadziwe.

Loweruka ndinauyamba wapansi kupita ku boma, chinangwa chootcha m'thumba, fumbi likuwotcha mapazi, phiri lili apo ngati silikusendera. Kumeneko kunali shehe wina wosoka zovala pakhonde la sitolo. Anandimvetsera makina akulirabe. Kenako anatulutsa buku lodyedwa ndi chiswe m'mphepete, lonunkha mafuta a makina, n'kundiuza kuti ndiimirire.

Anandiika manja cha pachifuwa. "Imamu wina wamkulu anaphunzitsa chonchi." Anawatsitsira pansi pa mchombo. "Wina chonchi." Kenako anawasiya ali lende m'mbali. "Otsatira wachitatu amatere. Aliyense ali ndi umboni wake, ndipo palibe anati swala ya mnzake yafa. Koma za kung'amba milomo, mwanawe, onse agwirizana kuti n'kulakwa."

Lolemba ndinapepesa za mlomowo. Za mawu ake aja ndinamuimitsa Yusufu pamaso pa kalasi n'kumupinditsa manja katatu konse, mpaka mwalimu anabisa kuseka m'ndevu.

Lero kwathu kuli mizikiti iwiri yoyang'anana, zimkuzamawu zikupikisana, ndipo ena sadyerana pa maliro. Achinyamata amaweruzana ndi timavidiyo ta pafoni. Buku ngati lija ndinaligula, ndimalowa nalo konsekonse, ngakhale andinene kuti ndine mleme wopanda mbali. Ndimakalipabe, sindikana. Koma Lachisanu ndimaima phewa ndi phewa ndi Yusufu, chipsera chili pamlomo, iye manja pachifuwa, ine pomwe ankaika bambo.