Mbatata ya apongozi inatsala pansi

Abale anga, ndakwera ndege! Musandiseke. Ine amene ndimatsinzina ndikamawoloka mlatho wa Zambezi pa njinga yamoto, Loweruka lapitali ndinauona mtsinje womwewo uli pansi panga ngati lamba wotayidwa. Mpaka lero ana kunyumba akundithawa, poti nkhani ndi yomweyo.

Anandikweza ndi alamu anga a Faustino, achimwene awo a mayi a kunyumba. Amayendetsa kandege ka mipando inayi ka kampani ina kuno ku Tete, ndipo imvi zawamerera pa ntchito yomweyi. Koma sabata yathayi bambo ameneyu ankafika pakhonde pathu ku Canongola ndi mabuku, thukuta lili kamukamu, kuti ndiziwafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu.

"Alamu, zaka zonsezi mukuuluka, mayeso ndi achiyaninso?" ndinatero.

"Ntchito yathu ndi yotero," anayankha. "Pakapita nthawi amatiyesanso, pakamwa ndi m'mwamba momwe. Ukalephera, ndege suigwira mpaka uphunzirenso."

Ndiye ndinkafunsa. Injini ikazima muli m'mwamba mutani? Mtambo wakuda ukatseka njira? Funso lina linandiseketsa: kodi kukatentha ndege imanyamula katundu wofanana ndi kukazizira? Iwo sanaseke. Anati mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko saugwira bwino, choncho ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke, ndipo kumapiri vutoli limakula. Ine mumtima ndinati, za m'mabuku izi.

Lachinayi anakhoza. Amene anawayesa ndi mayi wina amene iwo omwe anamuphunzitsa kale, koma alamu sanaone chamanyazi. Loweruka anatumidwa ku Angónia kukatenga antchito awiri a kampani, ndipo mabwana analola kuti nditsagane nawo. Za ulendo wopita musandiyambitse, tingagone pano.

Bwalo la ndege la kumeneko lili kumapiri, ndi lafumbi, lalifupi, ndipo kumapeto kwake kuli mitengo ya bulugamu. Mudzi wa apongozi anga uli pafupi. Dzuwa lili paliwombo, antchito aja atafika ndi zikwama zawo, tinangoona ngolo ya ng'ombe ikutulukira. Apongozi ali pamwamba, pambali pawo thumba la mbatata ya kachewere losokedwa mpaka kukamwa.

"Iyi ndi ya adzukulu anga," anatero. "Ku Tete kwanuko amadya fumbi."

Inu mukudziwa. Mphatso ya apongozi amakana ndani? Ine ndinagwada, kuwomba m'manja, n'kuyamba kulikokera thumba kundege. Alamu anali atatiyeza kale tonse pasikelo, ife ndi zikwama. Analiyang'ana thumba lija, kuyang'ana mitengo, n'kugwada pamaso pa mayi awo.

"Amayi, mbatatayi sikwera."

"Mwati chiyani, Faustino? Ndakumba ndekha ndi msana uno."

Ndinalowererapo. "Alamu, ndiinyamula pamiyendo. Mu shapa, minibasi zathu zija, timatero, ndipo timafika."

"Shapa ikalemedwa imaima m'mbali mwa msewu," anatero mosakweza mawu. "Sankhani, alamu. Ikwere mbatata kapena mukwere inu."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Apongozi anatembenuka kuyang'ana ng'ombe zawo, osatsanzika. Tinakwera, thumba n'kutsala pansi.

Kenako injini inalira, kandege kanathamanga. Kuthamanga, kuthamangabe, matayala osachoka pansi. Mitengo ija inkakula pagalasi. Ndinagwira mpando ndi manja onse, pemphero likutuluka lokha. Titanyamuka, ndinaona masamba a bulugamu pansi pa phiko, oti n'kuwawerenga. Mayo ine! Alamu anali phee, chifukwa anali atawerengera kale kuti ndi katundu amene tinali naye tidutsa bwino. Nanga likanakhalamo thumba lija?

Chichokereni tsiku limenelo ndikuyang'ana mzinda wathu ndi maso ena. Dalaivala wa shapa yopita ku Moatize anatenga karta yake yoyendetsera galimoto ali mnyamata, ndipo chiyambire palibe anamufunsanso kanthu. Wa njinga yamoto amakweza mayi, mwana, ndi mbuzi. Ife okwera ndi amene timakuwa kuti malo alipo, finyikanani. Wina akakana timati ndi wodzikuza, saopa akulu.

Ndipo munthu akamera imvi pantchito, kumufunsa funso kumakhala ngati kumutukwana. "Ndinayamba iwe usanabadwe." Zoona, bambo, koma zimene munaphunzira nthawi imeneyo mukuzikumbuka zonse? Akulu anati safunsa anadya phula. Alamu anga amalola kufunsidwa ndi munthu amene iwo omwe anamuphunzitsa, ndipo funso limene ine ndinaliseka pakhonde ndi limene linatidutsitsa pamwamba pa mitengo.

Mbatata ija inafika Lolemba pa shapa, thumba litang'ambika pang'ono. Ana akudya. Apongozi sanawayankhulebe alamu, koma dzulo anaimbira mayi a kunyumba kufunsa ngati tinafika bwino. Tinafika, ndipo iwo ndi alamu adzayankhulana, poti onse ali moyo.

Nanga inu, pantchito imene mwanyamula miyoyo ya anthu, anakufunsani komaliza ndi ndani?