Pauline, Mlonda wa Mpunga

Pa ana onse amene ndinawaona akukula pasikimu ya mpunga ya Chinguluwe, panalibe wolephera kuingitsa mbalame ngati Pauline, mwana wa a Enock. Ndime yawo inagundana ndi yanga, ndiye ndinkamuonera pafupi. Mpunga ukayamba kucha, anzake ankakwera pansanja n'kumaimba zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Iye ankangokhala khosi lili m'mwamba, kusirira m'mene kamtema amaimira pamphepo osakupiza mapiko. Ndege ya asilikali a ku Senga Bay ikadutsa, mwana uja ankaiwala ndi dzina lake lomwe.

Atakhoza bwino folomu folo, anauza makolo kuti akufuna kudzaulutsa ndege za asilikali. Msilikali wina wa kutchalitchi kwawo anali atamulangiza kuti ayambe wazama m'masamu ndi za makina, choncho mtima wake unali pa koleji ya zauinjiniya ku Blantyre. Koma a Enock ankafuna ya zaulimi ku Lilongwe, kufupi, kuti adzabwerere pasikimu ngati mlangizi. Ankati kumwamba kulibe pooloka madzi akakula. Nthawi yosankha inali kutha, ndipo Pauline sakanapita kulikonse bambo ake asanavomere.

A Enock anamutuma akalondere mpunga sabata yomaliza tisanamwete, amvekere mwina dothi limukoka. Mwanayo anayesetsa ndithu, ndinamumva akukuwa kuyambira m'mawa. Ndiye tsiku lina kunamveka kulira kwa ndege, asilikali n'kuyamba kutsika ndi maparachuti cha kunyanja. Zitini zinangoti zii. Mpheta zinagwera mumpunga ngati mtambo.

Ndinaona a Enock akubwera pamzere, nkhope ili gwaa. Koma asanakalipe, mwana anawalozera kumwamba.

"Ababa, taonani. Ndege ija aitembenuza kuti iyang'anane ndi mwera. Akapanda kutero, anthu aja akagwera m'madzi."

Bambo aja anakweza maso, nafunsa chomwe chimaigwira kuti isagwe popendekeka chotero. Iye anawafotokozera ndi manja. Anafunsanso china. Anaima choncho awiriwo, kukamwa yasa, mpheta zikuchita phwando m'mbuyo mwawo, mpaka ine nkhalamba ndinathamanga ndi chitenje kukaziingitsa.

A Enock atatembenuka n'kuona ngala zodyedwa, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwanawe, sankha ya ku Blantyre. Iwe ukakhala mlangizi, sikimu yonse idzagona ndi njala."

Pano Pauline ali chaka chachiwiri kumeneko. Ndege sanaikwerebe, ndipo akuti mayeso a usilikali akadali kutsogolo. Akabwera patchuthi amathamanga m'mamawa kuzungulira sikimu, natiweramira ife akuluakulu osaima. Pansanja paja pamakhala a Enock okha tsopano. Ndege ikamveka, ndimangotenga chitenje changa, chifukwa ndikudziwa kale kumene maso awo ali.