Lamba wa Mota Anameza Nsalu ya Apongozi Anga

Inu owerenga, apongozi anga aakazi lero amayenda motsimphina, ndipo amene anawalemaza ndine. Sindinawamenye ayi. Ndinangomasula timabawuti pa njinga yanga yamoto, kenako ndinatseka pakamwa pa nthawi imene ndinayenera kulankhula.

Kwathu ndi ku Angónia koma ndimakhala ku Degue, mumzinda wa Tete, ndipo ndimagulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere. Ndili ndi kanjinga kamoto kaja kopanda magiya, ka matayala ang'onoang'ono, kamene kuno timangoti mota. Mphamvu ya injini imafika ku tayala lakumbuyo kudzera pa lamba wa labala amene amazungulira m'kabokosi kachitsulo, mbali ya kumanzere, pafupi ndi pamene wokwera kumbuyo amaponda.

M'nyengo yotentha, ija imene phula la mu Tete limafewa, mota inayamba kundivuta. Ndikapotokola mafuta, injini inkangokuwa koma liwiro osaoneka. Ponyamuka inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo, ndipo pa chitunda inkanunkha labala wopserera. Ndikaisiya pamthunzi kuti izizire, inkayendanso bwinobwino.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina ku Canongola, a Jowakimu. Atatsegula kabokosi kaja anandionetsa zonse. Lamba anali atadyeka m'mbali mpaka kuwonda, timagudumu ta m'kati tinali titaphwatalala, ndipo kabowo kolowetsa mphepo kanali katatsekeka ndi fumbi lakuda.

"Koreya iyi yatha, m'bale wanga, tisinthe pamodzi ndi maroleti," anatero akuloza lamba ndi timagudumu tija. "Ndipo tampa iyi, chivundikirochi, musamayende mutachotsa. Ndikudziwa anzanu amachita."

Kunena zoona, mawu omalizawo ndi amene anandipatsa nzeru yoipa. Ndinawauza kuti ndibweranso, koma nditafika kunyumba ndinaganiza kuti ngati vuto ndi kutentha, bwanji osangochotsa chivundikirocho kuti lamba azipitidwa mphepo? Ndinachimasula n'kuchiponya kuseri kwa chitseko. Mota inayendadi mopepukirapo, ine n'kumadzitama kwa anzanga pamsika kuti amakaniko amangofuna kutidyera. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Masiku omwewo mkazi wanga Rozina anachira kuchipatala, mwana wathu woyamba. Amayi ake a Rozina anabwera kuchokera ku Tsangano kudzamusamalira. M'mawa mwake anaphika phala loti akam'patse, koma machapa, maminibasi athu aja, ankangodutsa atadzaza. Dzuwa linali litayamba kale kuluma, choncho ndinawapempha kuti ndiwanyamule pa mota.

Inu amene munaleredwa ngati ine mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sakhudzana, ngakhale kuyang'anana m'maso kumene. Iwo anakana kaye, kenako anavomera chifukwa cha phala. Anakhala chammbali, kumapeto kwenikweni kwa mpando kuti thupi lawo lisagunde langa, miyendo yonse ataiika kumanzere pothawa paipi yotentha ya utsi. Kumanzere komweko ndi kumene kunali lamba uja, pambalambanda.

Ndinaiona nsalu yawo. Ndikulumbira kuti ndinaiona. Inali italendewera mpaka m'mapazi, ngati mmene amavalira amayi aulemu wawo, ndipo nsonga yake inali pafupi ndi chitsulo chozungulira. Mtima unandiuza kuti ndilankhule. Koma ndikanayamba bwanji? Ine mkamwini, kuuza apongozi kuti akwezeko nsalu? Ndinadzinamiza kuti ndiziyenda pang'onopang'ono.

Njira yonse ndinali ndi mantha. Ndinkasuzumira pagalasi lakumanzere n'kumaona nsalu ija ikuuluzika ndi mphepo, kugunda chitsulo n'kubwerera. Thukuta linkandilowa m'maso. Titalowa mumsewu waukulu, lole yaikulu inatitsata kumbuyo, pafupi kwambiri moti ndinkamva kutentha kwa injini yake pamsana. Ndinawonjezera mafuta kuti ndiitalikire.

Pomwepo ndinamva nsalu ikung'ambika, kenako mota inagwedezeka ngati munthu waikoka kumbuyo. Tayala linaima nji! Tinatsetsereka n'kugwera m'mbali mwa msewu. Lole ija inaliza hutala, mabuleki akulira, ndipo matayala ake anadutsa pamene panagwera kontena ya phala. Ndinaona phala litamwazika pa phula, ndipo m'mutu mwanga ndinati apongozi apita.

Anali moyo, koma nsalu inali itakulungidwa m'zitsulo zija ndipo inakokera mwendo wawo momwemo. Phazi linali litapindikira kumene phazi silipindikira. Magazi ankatuluka pa akakolo, ndipo nsaluyo inali itamanga mwendo zolimba moti sindikanatha kuimasula. Ndinatulutsa mpeni wanga wodulira kabichi. Ine amene ndinaopa kutchula nsalu ya apongozi ndi pakamwa, ndinaidula ndi mpeni kuchokera m'chiuno mwawo, pamsewu, anthu akuona, dzanja lina litagwira ntchafu yawo.

Mu ululu wonsewo iwo ankangoti, "Musandiyang'ane, bambo. Chonde musandiyang'ane."

Mayi wina wogulitsa malambe m'mbali mwa msewu anathamanga, n'kuvula kapulana, nsalu yake yapamwamba, n'kuwafunditsa. Anandikalipira m'Chinyungwe, ndipo ngakhale sindichimva bwino, tsiku limenelo ndinamva zonse. Bambo wina wa galimoto anatinyamula. Mmene Rozina ankadikira phala ndi khanda m'manja, amayi ake ankalowetsedwa pakhomo lina la chipatala chomwecho, ndipo woti akamuuze ndinali ine.

Madokotala anaulumikiza mwendo koma sunabwerere mwakale. Apongozi anachoka ku Tsangano kudzasamalira mwana wawo, mapeto ake mwana wawoyo, ali ndi chilonda cha uchembere, ndi amene ankawasambitsa.

Tsiku lina ali pakhonde ndinagwada patali n'kuwauza zoona, kuti nsalu ija ndinaiona tisananyamuke koma ndinachita manyazi. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira.

"Nanenso ndinkaimva ikukokedwa, bambo," anatero. "Ndinafuna kukugwirani paphewa kuti muime, koma ndinati ndingamugwire bwanji mkamwini."

Inu owerenga, akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ife anatsala pang'ono kutipha awiri. Mota yanu ikayamba kukuwa osathamanga, ikamanjenjemera ponyamuka kapena kununkha labala, lamba watha, kasinthitseni. Tsukani kabowo ka mphepo, koma chivundikiro musachotse, ngakhale dzuwa la Tete litaotcha bwanji. Ndipo amene wakwera kumbuyo kwanu, kaya ndi apongozi, kaya ndi abusa, muuzeni apinde nsalu musanalize injini. Ngati pakamwa palemera, tumani mayi woyandikana naye nyumba akawauze. Ine nzeru imeneyi inandifikira mochedwa.

Lamba watsopano a Jowakimu anamuika osandifunsa kanthu, ndipo ntchito yake sinatenge nthawi. Mwana wathu tsopano akuthamanga. Akawaona agogo ake amawakwera pamsana kuti amubereke, iwo n'kumuseka, n'kumukhazika pamiyendo, chifukwa kuimirira naye sangathe.