Maberingi Atsopano pa Mtsetse wa ku Chintheche

Ndikayamba nkhaniyi anthu ena amafulumira kuseka, chifukwa angomva zoti bambo wamkulu ngati ine ankakwera siketibodi basi aganiza kuti ndi nthabwala. Ndiye ndineneretu kuti si zopeka izi, zinandichitikira ine mwini kunja kukuwala, anthu akuona, ndipo ena mwa iwo akadali moyo kunyanja kuja. Mayina sinditchula, si chifukwa choopa munthu ayi, koma amayi ake a munthu amene ndikumunenayu ndi amayi anga amapemphera mpingo umodzi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina kufupi ndi Chintheche. Kwathu ndi ku Ntcheu, kotero ndinali mlendo monga analili antchito anzanga ambiri, ndipo Chitonga changa chinkathera pa moni ndi kufunsa mtengo wa usipa. Ndinkachita lendi kanyumba chakumtunda. Kuchoka pamenepo kupita kuntchito unkayenda kanjira kamchenga, kenako kufika pa msewu wa phula pomwe panali mtsetse wautali wothera pa kamlatho kopapatiza, kaja koti galimoto ziwiri sizidutsana, ina imayamba yaima.

Siketibodiyo anandisiyira mlendo wina amene anakhala pa loji pathu milungu ingapo. Kwa inu amene simunaionepo, ndi kathabwa ka mateyala anayi ang'onoang'ono, umaima pamwamba pake n'kumakankha pansi ndi mwendo umodzi. M'kati mwa teyala lililonse muli maberingi awiri, tizitsulo tozungulira tokhala ndi timipira m'kati ngati ta mu habu ya njinga, ndipo liwiro lonse lagona mmenemo. Ake aja anali atadyedwa ndi mchenga ndi chinyezi cha kunyanja, moti ukamayenda ankalira ngati chigayo chakale. Tsiku lonyamuka mlendoyo anandipatsanso kabokosi ka maberingi asanu ndi atatu atsopano, n'kundichenjeza kawiri konse kuti ndisawaike mpaka nditadziwa bwino kuima pokhweza phazi pansi, chifukwa akale aja ndi amene ankandigwirira mabuleki ine osadziwa.

Ndinamvera, komatu kuima kuja sindinaphunzire, ndivomere. Ndikanaphunziriranji poti thabwalo linkadziimira lokha? Ndinkati ndikakankha kawiri pamwamba pa mtsetse, limatsika mwaulemu, likulira, n'kukatha mphamvu lisanafike pa mlatho, ine n'kutsika, kulinyamula kukhwapa. Ndinachita zimenezi pafupifupi chaka. Amayi oyanika chinangwa cha kondowole m'mbali mwa msewu ankandikuwiza, oyendetsa kabaza ankandiseka kuti ndagula galimoto yopanda mpando, ndipo ine, musandiweruze, zinkandikomera. Munthu wongonyamula mbale za azungu tsiku lonse, pa mtsetse paja ndinali winawake.

Tsopano ndikuuzeni za mnzanga. Tinakulira mudzi umodzi, mbuzi tinaweta limodzi, ndipo zitamuvuta kumudzi ndine amene ndinamuyankhulira kwa abwana mpaka anamulemba ntchito yokonza zinthu pa loji, mapaipi, jenereta ndi injini ya boti. Miyezi yoyamba ankagona pa mphasa m'chipinda changa. Ndinkamutchula kuti achimwene, iyenso chimodzimodzi, ndipo anthu ambiri ankayesa ndife a bere limodzi. Manja ake anali aluso, zimenezo sindingamulande. Kabokosi ka maberingi kaja ndinakasungitsa kwa iye m'chipinda chake cha zipangizo poopa dzimbiri kunyumba kwanga, ndipo chenjezo la mlendo uja ndinamufotokozera lonse, mawu ndi mawu.

Sabata ina kanati kamodzi komangira mateyala pansi pa thabwa kanakhwepa, ndiye Loweruka ndinamusiyira kuti amange. Lolemba masana, tsiku langa lopuma, anabwera nalo yekha kunyumba, kulitsamiritsa pakhonde, n'kunena kuti zatheka. Anakhala pansi, tinadya chinangwa chophika, tinacheza za kumudzi. Potsanzika anandifunsa nthawi imene nditsike mawa lake, ine n'kumuuza kuti monga mwa masiku onse, cha m'ma seveni. Kodi munthu ungaganize chiyani pa funso ngati limenelo? Ndinangoti mwina akufuna timwere limodzi tiyi.

M'mawa mwake ndinavala yunifomu ndi nsapato zanga zakuda zoterera kunsi zija, n'kunyamula thabwa kukhwapa chifukwa pamchenga siliyenda. Nditafika pa phula ndinaliika pansi, kukwera, kukankha kawiri. Chimene chinayamba kundidabwitsa ndi bata. Kulira kuja kunalibe, kunangomveka kamphepo m'makutu, ndipo kwa kanthawi ndinasangalala, ndikuti achimwene andithirira mafuta. Koma nditadutsa pa mtengo wa mango pomwe masiku onse ndinkayankha moni wa amayi aja, ndinaona kuti nkhope zawo sindikuzizindikira, zikungodutsa. Misozi inayamba kutuluka yokha ndi mphepo. Ndinayesa kutsitsa phazi kuti ndikhweze pansi, phula linangolimenya n'kuliponyera kumbuyo, pang'onong'ono ndigwe chagada.

Kenako thabwa linayamba kugwedezeka, mutu wake kupita uku ndi uku, ndipo ndikamalimbitsa miyendo m'pamene linkagwedezeka kwambiri. Nditakweza maso ndinaona lole yodzaza matumba ikulowa pa mlatho kuchokera tsidya linalo, ikuliza hutala mosalekeza. Inali itatseka mlatho wonse. Anzanga, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Ndinaganiza za mkazi wanga amene ndinamusiya kumudzi ali ndi pakati, kuti uthenga ukamupeza akuchita chiyani. Ndinafuna kupemphera koma mawu amene ankabwera anali a pemphero la chakudya.

Chakumanja, mlatho usanafike, panali kagulu ka anthu ataima, ndipo pakati pawo ndinamuzindikira mnzanga uja ndi ovolosi yake yabuluu, dzanja lili m'mwamba. Ndinakhala ndi chiyembekezo, ndikuti akuimitsa lole. Sindinakhale ndi nthawi yoonetsetsa. Ndinadziponya kumanzere, komwe kunali mphasa za chinangwa, ndinagubuduka pamenepo mpaka kukamenya mwala wa ngalande ndi chigongono. Ndinamva kuthyoka kuwiri, kwa mkono wanga ndi kwa thabwa pansi pa teyala la lole.

Oyamba kufika anali amayi omwe ndinawamwazira chinangwa chawo m'matope. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula za chinangwa chake. Wina anavula chitenje n'kundimanga mkono, wina ankandipukuta magazi kumaso akuyankhula Chitonga chimene sindinkamva koma chinkanditonthoza. Mnzanga uja anafika pambuyo pawo, ndipo ndi amene analira mokweza kuposa onse. Anandiperekeza kuchipatala, anagona pa benchi, masiku onse ankabwera ndi chakudya, ndipo atandiika chikhakha ndi amene ankandimanga mabatani a malaya. Ndinamugwira dzanja ndi kumuuza kuti popanda iye kuchilendo kuno ndikanafa ngati galu. Mawu amenewo ndi amene amandiwawa mpaka lero kuposa mkono.

Patapita milungu ingapo ndinapita kukathokoza amayi aja. Pafupi ndi mlatho pali bambo wina wachikulire wokonza njinga, ndipo atandiona anandikodola, akunditchula kuti ada monga amachitira kumeneko. Anatulutsa m'bokosi lake chitsulo cha mateyala awiri chimene anatola m'udzu tsiku la ngozi. Analiza teyala limodzi ndi chala n'kuliika pafupi ndi khutu langa. Linazungulira, kuzungulira, osamveka, mpaka ine ndinatopa kudikira kuti liime. Anandifunsa kuti anandiikira ndani zimenezi. Anati maberingiwo ndi atsopano, komanso wina anachotsa tizivindikiro take, kutsuka girizi yense ndi parafini, n'kudonthezamo mafuta opepuka ngati a makina osokera. Anafotokoza kuti girizi amachedwetsa koma amateteza, pamene mafuta opepuka amamasula teyala kotheratu, ndipo amene anachita zimenezi ntchito yake amaidziwa, sanaphonye.

Kuchoka pamenepo ndinalunjika ku loji. Ndinakalowa m'chipinda cha zipangizo n'kupeza kabokosi kaja pa shelefu, m'kati muli maberingi anga akale a dzimbiri, atawasanja bwinobwino. Nditamufunsa mnzanga uja sanakane. Anati ankafuna kundidabwitsa ndi mphatso, poti ndinkadandaula kuti thabwa likuchedwa, ndipo anaiwala kundiuza, kenako ngozi itachitika anachita mantha. Ankayankhula misozi ili m'maso. Ndikuuzeni zoona, ndinatsala pang'ono kukhulupirira, chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Ndani amafuna kuvomera kuti munthu amene anagona pa mphasa yake angamutchere msampha? Ndinadziuza kuti tsoka silinunkha, basi zithe.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wophika pa loji pomwepo, wa ku Kande, munthu wosakonda zoyankhulayankhula. Tsiku lina tili awiri kukhitchini anatseka chitseko, n'kunena kuti chikumbumtima chamusowetsa tulo, ndipo anandipatsa foni yake. Munali kanema amene antchito ankatumizirana mobisa. Kanemayo sakuyamba ndi ngozi ayi. Akuyamba ndi msewu wopanda munthu, mtsetse uli zii, ndipo kumbuyo kukumveka mawu amene ndingawazindikire ngakhale pakati pa msika, akuuza anzake kuti adikire pang'ono, lero mfumu ya pa mtsetse iuluka, aone ngati matama aja atsike nawo. Ena akuseka. Kenako ndikuoneka ine pamwamba, kadontho koyera. Lole ija ikuliza hutala, anthu ena akuyamba kukuwa, koma foni sikugwedezeka, ikunditsatira bwinobwino mpaka m'ngalande. Dzanja lija ndinaliona m'mwamba silinkaimitsa lole.

Ndinakhala pa thumba la mpunga n'kuonera kachiwiri kuti mwina ndamva molakwa. Sindinalire. Ndinachita manyazi, manyazi aakulu, pokumbukira mmene ndinkatsegulira pakamwa iye akundidyetsa phala kuchipatala.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinamumenya kapena ndinakamunenera kwa abwana. Sindinachite chilichonse mwa zimenezo. Ndinangopita pomwe ankakonza mpope, ndinaima, n'kumubwerezera mawu ake aja a mfumu ya pa mtsetse. Anaika pansi sipanala imene inali m'manja mwake, kenako anati zinali zocheza chabe, za lole sankadziwa, iye ankayesa ndingogwera pa mchenga anthu aseke. Anawonjezera kuti nanenso ndinkanyanya kudzimva. Pepani sanamutchule. Kuyambira tsiku limenelo sindinamutchulenso achimwene.

Chikhakha atachotsa, mkono sunatambasukenso bwino, thireyi ya mbale inkandipulumuka, ndiye anandisamutsira kochapa zovala, ndipo chaka chisanathe ndinasiya ntchito n'kubwerera kwathu. Iye anatsala. Amayi anga mpaka lero amandifunsa chimene chinalowa pakati pathu, ine ndimangoti ntchito inatilekanitsa, chifukwa ndikanena zoona mabanja awiri adana pa chinthu chimene sichingabweze mkono.

Chaka chatha ndili m'minibasi yopita ku Balaka, bambo amene ndinakhala naye mpando umodzi ankaseka yekha ndi foni mpaka kutsokomola. Anandigunda ndi chigongono kuti ndione chitsiru china cha kunyanja chikuuluka. Anali kanema yemwe uja, atafiira ndi kutumizidwatumizidwa, koma mawu aja akumveka bwino lomwe. Anandifunsa ngati sizoseketsa. Ndinamuyankha kuti munthuyo ayenera kuti anavulala, iye n'kunena kuti aaa, oterewa savulala, n'kubwezanso poyambira.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti sankafuna kuti ndife. Ankafuna ndichepe pamaso pa anthu, ndipo pofuna zimenezo sanasamale ngati ndifa kapena ayi, zomwe kwa ine sizisiyana kwenikweni. Maberingi aja analibe mlandu, anali abwino, anangoikidwa pansi pa munthu amene sanakonzeke, ndi munthu amene ankadziwa kuti sanakonzeke. Ndiye inu achinyamata amene mwayamba kukwera timatabwati m'matauni, musathamangire maberingi aliwiro musanadziwe kuima, ndipo chinthu chanu chikagona m'manja mwa wina, kaya ndi njinga kaya ndi thabwa, lizani teyala ndi chala chanu musanakwere. Musati poti wakonza ndi m'bale wanga. Ine amene anandikonzera anali woti ndikanamwalira pa mlatho paja, akananyamula bokosi langa kutsogolo, ndipo amayi anga akanamuthokoza pamaso pa mudzi wonse.