Matemba a Mayi Rozaria

Sikisi koloko m'mawa imawapeza mayi Rozaria ali kale mumtsinje wa Phalombe, madzi akulekeza m'mawondo, akutsuka mphale. Akamaliza amatapa madeya m'kathumba n'kuwaza pafupi ndi mwala umene amachapirapo. Posakhalitsa madzi amayamba kunyezimira. Matemba afika, ndipo iwo amawalonjera m'Chilomwe, chilankhulo chimene makolo awo anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki.

Anayamba zimenezi chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, matipate atangoyamba kumene. Nsomba zotsala zinathawira m'maiwe a m'mitsinje, ndipo dziwe lina lili kumunsi kwa mudzi wawo, kwa Jenala. Anthu anapangana kuti pasapezeke wotcherapo mono kapena wothirapo katupe mpaka nsomba zitaswananso. Mayi Rozaria, amene kale ankayanika matemba n'kukagulitsa kumsika wa Migowi, anadzipatsa okha ntchito yowadyetsa. Palibe anawatuma.

Chilimwe chilichonse kunkabwera mlangizi wa zausodzi, a Howard, panjinga yakapalasa, atamangirira ukonde ndi beseni kumbuyo. Ntchito yawo inali kudziwa ngati matemba achuluka mokwanira kuti dziwe litsegulidwe. Ankakoka ukonde, n'kudula kansonga ka mchira wa temba lililonse ndi sizasi, kenako n'kuwabwezera m'madzi. Pakapita masiku ankakokanso. Akapeza odulidwa michira ochepa pakati pa ena ambiri, ndiye kuti dziwe ladzaza. Akapeza omwe aja okhaokha, ndiye kuti nsomba zikadali zochepa.

Ukonde ankakokera pamwala paja, chifukwa kwina konse kuli bango ndi matope. Wogwira mbali inayo anali mayi Rozaria. Ndiwo ankasintha madzi a m'beseni kuti matemba asafe, ndiwo ankasoka ukonde ukang'ambika, ndiwonso ankaphikira alangizi makaka ndi nandolo masana. Malipiro a zonsezi panalibe, ndipo sanafunsepo.

Zaka ziwiri zotsatizana ukonde wachiwiri unkabwera ndi michira yodulidwa yambirimbiri. Dziwe silinatsegulidwe. Miono ya a Makina, amuna a mayi Edina oyandikana nyumba ndi mayi Rozaria, inadyedwa ndi chiswe ili patsindwi. M'mudzimo ndiwo zinali chigwada lero, chigwada mawa. Mayi Rozaria zinkawadabwitsa, chifukwa akapita kumunsi kukadula bango ankaona madzi ali bii ndi nsomba. Koma ankati mwina maso awo amangoona zimene mtima ukufuna.

Chaka chachitatu, tsiku lokoka kachiwiri, mayi Edina anali pomwepo akuchapa. A Howard anayang'ana m'beseni n'kupukusa mutu.

"Omwe aja abweranso, mayi. Zikuoneka kuti tidikiranso chaka china."

"Alekeranji kubwera?" anatero mayi Edina osatukula ngakhale mutu. "Kodi inuyo mungachoke pakhomo pamene akukupatsani phala m'mawa uliwonse?"

"Phala lanji?"

"Afunseni eniake. Nkhuku zawo zikuonda, madeya onse akudyetsa ana awo a m'madziwa. Ena anawatcha ndi mayina omwe."

"Bodza limenelo, anzanga! Ndi limodzi lokha lomwe lili ndi dzina," anatero mayi Rozaria, "ndipo ndi la mwamuna wanu, chifukwa limadya lisanagwire ntchito."

A Howard anaimika sizasi m'mwamba. Iwo ankafika dzuwa litakwera, choncho madeyawo anali asanawaonepo.

"Mayi, mumawaza pati?"

"Pompano. Odulidwawa ndimawaonjezera pang'ono. Mumawavulaza, ndiye azichira ndi chiyani?"

"Tsiku lililonse?"

"Lamulungu lomwe, ndisanapite kutchalitchi."

Alangizi anakhala pansi pamwala ponyowa, n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Anafotokoza kuti njira yawoyo imagwira ngati odulidwa michira amwazikana n'kusakanikirana ndi anzawo m'dziwe lonse. Koma awa sankapita kulikonse. Ankawagwira pamwala, kuwabweza pamwala, n'kuwapezanso pamwala akudikira madeya.

"Ndiye kuti ine ndakhala ndikuwerenga alendo a pakhomo panu, osati nsomba za m'dziwe," anatero. "Inenso ndinalakwa kukokera pamodzimodzi chifukwa choopa kudetsa nsapato m'matope."

Mayi Rozaria anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye chigwada chonse chija tadya chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha inu ndi nsapato za alangizi," anatero mayi Edina. "A Makina ndikawauza bwino, atakhuta."

Anagwirizana kuti awerengenso mwezi wamawa. A Howard adzakoka malo angapo, kubango komwe, ndipo odulidwa adzawabweza momwazikana. Ngati nsomba zachulukadi, komiti ya m'mudzi idzatsegula dziwe mvula isanagwe. Koma panali lamulo limodzi: kuyambira tsiku limenelo mpaka kuwerenga kuthe, m'madzimo musagwe deya ngakhale limodzi.

M'mawa mwake mayi Rozaria anapita kumtsinje ndi mphale yokha. Matemba anabwera monga mwa nthawi zonse, akuwazungulira m'miyendo, akuwajompha m'akakolo. Anawafotokozera m'Chilomwe kuti ndi za kanthawi chabe, koma sanamve. Pobwerera dzanja lawo linali likuyabwa kufuna kuwaza madeya, ndipo anadziwa kuti mawa sadzapirira.

Anafika pakhomo, n'kutulutsa thumba lonse la madeya, n'kulisenza mpaka kuseri kwa mpanda wa mayi Edina, kumene a Makina anali atayamba kale kung'amba nsungwi za mono watsopano.

"Odi, mayi Edina anzanga! Ndisungireni thumbali m'nyumba mwanu, mwezi wonse. Nkhuku zanga muzizipatsa ndinu. Ndipo ndikabwera kudzapempha, ngakhale nditati ndi kadzanja kamodzi kokha, ngakhale nditalira, chonde mundikanize."