Dzimbiri la Mayi Mtondo

Ofesi ya bwana wamkulu inalengeza, mwaulemu wonse, kuti pofika tsiku lobwera nduna pasaoneke dzimbiri kapena mwaye paliponse m'nyumba ya kafukufuku. Lamulo labwino ndithu. Vuto linali lakuti m'chipinda chakumapeto dzimbiri ndi makala ndiye inali ntchito yeniyeniyo.

M'menemo munkagwira ntchito Mayi Mtondo, amene analowa ali mtsikana wotsuka mabotolo, n'kukalambira pa kamtondo kosinjira mankhwala. Ankasinja makala a zikonyo, kusakaniza ndi dzimbiri lachitsulo, n'kuwotcha mu uvuni mpaka patuluke ufa wakuda bii. Ufawo, ankatero akatswiri, udzalowa m'malo mwa chitsulo chodula chotchedwa pulatinamu m'timabokosi topanga magetsi kuchokera ku mipweya. Ndiwo umakakamiza okosijeni, mpweya waulesi, kugwira ntchito. Mwa zonse zimene anawotcha chaka chathunthu, botolo limodzi lokha ndilo linachita bwino, ndipo uvuni unali utafa, moti sakanathanso kuwotcha ufa wina.

Kapitawo wa osesa, mwamuna wa mng'ono wa Mayi Mtondo, anafika ndi ndowa, anthu ake ali pambuyo.

"Alamu, tapatukani tidutse."

"Mudutsa pamsana panga."

"Akuti chakuda chilichonse kudzala. Botolo ilo n'loyera?"

"Mwaphunzira liti mitundu inu? Suja munabwera ku ukwati ndi masokosi osiyana?"

Osesa anaseka, koma kapitawo sanaseke. "Ndili ndi ana, alamu. Bwana akubwera kudzayendera yekha, ndipo amapaka chala pa shelefu."

Nsapato za bwana zinamveka m'khonde. Mayi Mtondo anakhuthulira ufa m'chitini cha khofi chopanda kanthu, n'kuchiika pafupi ndi ketulo. Botolo analiponya m'ndowa.

Bwana analowa, napaka chala pa shelefu, nachiyang'anitsitsa. Kenako ananyamula chitini chija, kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Kapitawo anayang'ana kudenga.

"Zakumwa m'chipinda cha mankhwala? Kasiyeni kunyumba lero lomwe." Maso a bwanayo anatsikira pa zikhadabo zakuda za mayiwo. "Ndipo mawa mupume, mayi. Mwatopa."

Mayi Mtondo anatuluka nacho chitinicho pageti atachikumbatira ngati khanda.

Mawa lake nduna inayamikira ukhondo, n'kulonjeza kuti ufa wotchipa umenewu uwalitsa khomo lililonse. Inadina batani, babu linayaka, anthu anawomba m'manja. Pansi pa tebulo panali mabatire a m'golosale.